Chilumba cha Man: chiyankhulo chomwe anachiwerengera kwa akufa

Tchuthi chino ndakhala ndikuonera makanema a pa YouTube a kachilumba kotchedwa Isle of Man, makamaka amene amajambula a bungwe la Culture Vannin. Mumaoneka mapiri obiriwira otsetserekera m'nyanja, nkhosa za nyanga zinayi, amphaka opanda mchira, ndiponso chigudumu chachikulu cha ku Laxey chomwe anachimanga mu 1854 kuti chizipopa madzi m'migodi. Mumaonekanso ana akuyimba ndi kuvina m'chiyankhulo cha makolo awo, Chimanx. Ukamaonera umangoti anawa anayamwira chiyankhulochi kwa amayi awo. Ayi ndithu. Ulusi unaduka, ndipo anthu anachita kuulumikiza.

Tiyambe ndi mapu, poti ndi matenda athu aphunzitsife. Chilumbachi chili pakati pa Britain ndi Ireland, ndipo kalembera wa 2021 anapeza anthu oposa pang'ono 84,000. Si gawo la United Kingdom ngakhale chili pansi pa mfumu ya ku Britain. Chili ndi nyumba yake ya malamulo, Tynwald, yomwe inabwera ndi ma Viking, ndipo eni ake anakondwerera zaka 1,000 za nyumbayi mu 1979. Chaka chilichonse kumayambiriro kwa July amasonkhana pa kachulu ka ku St John's n'kulengeza malamulo atsopano m'Chingelezi ndi m'Chimanx. Chimanx n'chapachibale ndi chiyankhulo cha ku Ireland komanso cha ku mapiri a ku Scotland.

Nanga chinafooka bwanji? Palibe msilikali amene anaopseza anthu ndi mfuti. Mu 1765 boma la Britain linagula ulamuliro wa chilumbachi kwa banja la Atholl pofuna kuthetsa malonda ozembetsa katundu, ndipo Chingelezi chinakula mphamvu m'maofesi ndi m'madoko. Baibulo lonse m'Chimanx linatuluka m'zaka za m'ma 1770, koma silinaimitse mafunde. Kenaka kunabwera sitima zodzaza alendo odzapuma ochokera ku Liverpool ndi madera ena a ku England, achinyamata ambiri anasamukira ku America, ndipo sukulu zinkaphunzitsa m'Chingelezi chokhachokha. Makolo anayamba kunena kuti Chimanx sichingakupezetse ngakhale khobidi limodzi. Ankachiyankhula okhaokha pofuna kubisira ana nkhani. Pofika 1901 ochiyankhula anali osakwana 5,000, ndipo mu 1921 anali pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse.

Apa ndaima kaye. Enafe tinaphunzira pa sukulu pomwe ukayankhula chiyankhulo chakwanu unkapatsidwa chibalo. Koma mbiri ya ku Man ikundiuza kuti chikwapu cha mphunzitsi sindicho chimamaliza chiyankhulo. Chimamaliza ndi kholo lokonda mwana wake, lomwe laona kuti ntchito zili m'Chingelezi. Kholo lotere n'lovuta kuliweruza.

Nyimbo zinapulumuka chifukwa cha makope. M'zaka za m'ma 1890 sing'anga wina, Dr John Clague, pamodzi ndi abale awiri a kwa Gill, ankayenda m'midzi kulemba maimbidwe a asodzi ndi alimi okalamba. Pambuyo pake mayi Mona Douglas, amene anamwalira mu 1987, anatolera nyimbo ndi magule, nadzutsanso chikondwerero cha Yn Chruinnaght kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Akatswiri amatsutsana za magule enawo, kuti ndi angati amene mayiyu anawapeza athunthu ndi angati amene anawasoka yekha kuchokera ku zidutswa. Ine sindimuda. Wosoka chigamba ndi bwino kusiyana ndi wotaya nsalu, bola tizidziwa pamene pali msoko.

Gawo lomwe landigwira mtima ndi la msodzi wina, Ned Maddrell, wobadwa mu 1877. Anakulira m'mudzi wa Cregneash kwa gogo wina wachibale amene sankadziwa Chingelezi. Mu 1947 nduna yaikulu ya dziko la Ireland, Éamon de Valera, anacheza pa chilumbachi n'kukumana naye. Atamva kuti okalamba oyankhula Chimanx akutha mawu awo asanajambulidwe mokwanira, anatumiza a Irish Folklore Commission. Mu 1948 Kevin Danaher anafika ndi makina ojambulira mawu pa zimbale, nazungulira m'makomo mwa nkhalambazo. Taganizani, anachita kuchokera dziko lina. Achinyamata ochepa a pa chilumbapo anapitiriza ntchitoyo ndi matepi, ndipo mmodzi mwa iwo, Brian Stowell, anajambula Maddrell mu 1964. Maddrell anamwalira pa 27 December 1974 ali ndi zaka 97, ndipo mabuku amamutchula kuti ndiye womaliza mwa amene anabadwira m'chiyankhulochi.

Zimbale ndi matepi zinasunga katchulidwe, koma tepi siyankha moni. Chomwe chinabweza Chimanx m'kamwa mwa anthu ndi kalasi. Stowell uja anasiya ntchito yake ya sayansi ku England n'kukhala mkulu woyamba woona za chiyankhulochi m'boma, ndipo mu 1992 chinayamba kuphunzitsidwa m'sukulu. Mu 2001 anatsegula Bunscoill Ghaelgagh, sukulu ya pulayimale yophunzitsa m'Chimanx, yomwe lero ili ku St John's, pafupi ndi kachulu ka Tynwald kaja.

Ndiye kunachitika zoseketsa. Mu 2009 bungwe la UNESCO linatulutsa mndandanda wa ziyankhulo ndipo Chimanx linachiika m'gulu la zakufa. Ana a pa sukulu ija analemba makalata m'Chimanx kufunsa kuti ngati chinafa, makalatawo alemba m'chiyankhulo chanji. UNESCO inasintha, n'kunena kuti chili pa chiopsezo chachikulu. Kalembera wa 2021 anapeza anthu oposa 2,200 onena kuti amatha kuchiyankhula, kuchiwerenga kapena kuchilemba. Ndi ochepa, ndipo onsewo amadziwa Chingelezi. Alipo ena amene amati Chimanx cha lero n'cha m'kalasi, kuti lilime la anawa lapendekera ku Chingelezi. Mfundo yawo ili ndi mutu, ndipo makanema okongola aja sakonda kuitchula.

Amene muli ndi intaneti yolongosoka, yesani izi. Sakani mawu a Ned Maddrell, mumvetsere mmene nkhalambayo ikukokera mawu. Mukatero tsegulani kanema wa ana a ku Bunscoill Ghaelgagh akuyimba pa Hop-tu-naa, chikondwerero cha pa 31 October pamene amasema ma turnip n'kuyatsamo nyali. Makutu anu aweruze okha ngati ndi chiyankhulo chimodzi. Aphunzitsi a Histore, maphunziro awiriwo akukwana bwino m'piriyodi imodzi, ndipo mtsutso wake ophunzira a Fomu 4 angaukonde.