Ufulu wachibadwidwe

Mawu akuti ufulu amachokera ku mfulu, munthu amene si kapolo wa wina. Tikawonjezerapo wachibadwidwe, tikunena kuti ufuluwo munthu sanachite kuupempha kwa mfumu kapena boma. Anabadwa nawo, monga khanda libadwa ndi mchombo wake.

Anthu a ku America anatapa ganizoli kwa John Locke wa ku England. M'buku lake lomwe linatuluka mu 1689, iye anati moyo, ufulu ndi chuma chimene munthu wakhetsera thukuta zinalipo kale boma lisanakhalepo. Anthu amalola kulamulidwa kuti boma liteteze zimenezi basi, ngati mlonda wa pamunda. Mlonda akayamba kukolola chimanga cha mwini munda, mwiniyo ali ndi mphamvu yomuchotsa ntchito. Apa mpamene pagona nkhani ya boma lokhala ndi malire.

Mu 1776 Thomas Jefferson anatsatira mfundoyi polemba chikalata cholengeza kuti madera 13 a ku America achoka m'manja mwa Britain. Chimene chimandiwawa nchakuti iye yemweyo anasunga akapolo opitirira 600 pa moyo wake, ambiri pa esiteti yake ya Monticello, ndipo makanda obadwira kumeneko ankalembedwa m'kaundula wa katundu wake.