Kusiyitsa Mwana Botolo ndi Kumuzoloweza Kumwa Mkaka wa M'kapu

Amayi ambiri a ku Maselema, Bangwe, Ndirande, Machinjiri ndi madera ena a mumzinda wa Blantyre amalawirira m'mamawa kupita ku mafakitale, ku maofesi kapena kumsika, kusiya mwana m'manja mwa agogo kapena mlezi. Pachifukwachi botolo lidalowa m'nyumba zambiri. Mabanja ena adaliyamba chifukwa mayi adamwalira, akudwala kapena adabereka mapasa. Mwana akakwana chaka, funso limene limasautsa makolo ndi la kachotsedwe ka botololo, pakuti ana ena akalandidwa botolo amakaniratu mkaka. Choyenera kuchoka ndi botolo lokha. Mkaka uyenera kupitirira, koma wa m'kapu.

Msinkhu woyenera

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO ndi Unduna wa Zaumoyo amalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, kenaka ayambe zakudya zina uku akuyamwabe mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Mwana woyamwa bere safunikira botolo ngakhale pang'ono. Mayi akachokapo, mkaka wofinya ungathe kuperekedwa ndi kapu. Mwana amene adazolowera kale botolo ayambe kuphunzira kapu ali ndi miyezi 6, ndipo alisiyiretu pakati pa miyezi 12 ndi 18. Akapitirira pamenepa, botolo limasanduka chomutonthozera, kotero kuti kumusiyitsa kumavuta.

Kuipa kwa botolo

Vuto loyamba ndi ukhondo. Nsonga ya mphira ndi khosi la botolo zimasunga timkaka totsalira momwe tizirombo timaswana msanga nyengo yotentha. Kuti botolo likhale laukhondo pamafunika madzi ambiri, sopo ndi makala oliwiritsira tsiku ndi tsiku, zinthu zimene zimavuta pamene madzi ndi ogula pa mpopi wa m'dera kapena mipope yauma. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo sudasiye Blantyre, udaonetsa kuopsa kwa madzi ndi ziwiya zosasamalika. Kapu yopanda chivindikiro imatsukika mosavuta, ndipo litsiro lake limaoneka ndi maso.

Lachiwiri ndi mano. Mwana wogona ndi botolo m'kamwa amakhala ndi mkaka kapena tiyi wa shuga pa mano usiku wonse, ndipo mano akutsogolo a m'mwamba amayamba kuthimbirira ndi kubowoka. Kumwa chogona kumathandiziranso matenda a m'khutu.

Lachitatu ndi chakudya. Mwana woyenda ndi botolo tsiku lonse amakhuta zamadzimadzi n'kumakana phala ndi nsima. Mkaka wa ng'ombe uli ndi ayironi wochepa kwambiri, motero womwa wambiri osadya zina amachepa magazi.

Zifukwa zotere ndi zimene zidachititsa kuti mu 1981 mayiko a m'bungwe la WHO agwirizane malamulo oletsa kutsatsa malonda a mkaka wa m'chitini wa makanda, mabotolo ndi nsonga zake. Dziko la Malawi lidaika malamulo akeake pa nkhaniyi mu 2004.

Mkaka wake ndi muyeso wake

Malangizo a WHO a mu 2023 akuti mwana wa miyezi 12 mpaka 23 amene sakuyamwa apatsidwe mkaka wa ziweto, ndipo salimbikitsa mkaka wodula wa m'zitini wolembedwa kuti ndi wa ana okulirapo. Mkakawo ukhale wosachotsa mafuta, kaya ndi wa m'pepala wa m'sitolo, waufa wosungunula motsata muyeso wolembedwa, kapena chambiko ndi yogati zopanda shuga. Mkaka wogula kwa alimi a ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje, kapena wa mbuzi, uyambe wawiritsidwa, chifukwa wosawiritsa ungathe kupatsira chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena.

Muyeso wake ndi mamililita 200 mpaka 400 patsiku ngati mwana amadya mazira, usipa, matemba kapena nyama kawirikawiri, ndi 300 mpaka 500 ngati zimenezi zimasowa. Kunena mwachidule, makapu aang'ono awiri patsiku ndi okwanira. Ufa woyeretsera tiyi si mkaka ayi, ndipo mkaka wa kondensi uli ndi shuga wochuluka. Tiyi amalepheretsa thupi kulandira ayironi, pamene zakumwa zotsekemera zimangopha njala popanda kumanga thupi.

Kasiyitsidwe kake

Ntchitoyi imatenga sabata ziwiri kapena zinayi, ndipo isayambike mwana akudwala, banja likusamuka kapena khanda lina litangobadwa. Yambani ndi kuchotsa botolo la masana, m'malo mwake mum'patse mkaka m'kapu atakhala tsonga pa nthawi ya chakudya. Pakapita masiku atatu kapena anayi chotsani la m'mawa. La usiku likhale lomaliza, pakuti ndilo mwana amalikonda koposa. Amwe mkaka wa m'kapu asanagone, atsukidwe mano, kenaka aberekedwe kumbuyo kapena aimbiridwe nyimbo mpaka tulo titamugwira.

Thirani mkaka pang'ono pokha m'kapu yaing'ono ya pulasitiki imene angathe kugwira yekha, ndipo musam'kalipire akataya. Ana amatengera anzawo, choncho amwere limodzi ndi akulu ake. Bambo, agogo ndi mlezi agwirizane chimodzi, chifukwa mmodzi akabweza botolo mwana atalira, ntchito yonse imabwerera pambuyo. Kupaka tsabola pa nsonga ya botolo kapena pa bere, ngakhalenso kutumiza mwana kumudzi mwadzidzidzi, kumam'chititsa kukana chakudya. Dzina la matenda otupikana, kwashiorkor, lidalembedwa ndi dotolo Cicely Williams mu 1935 kuchokera ku chilankhulo cha Ga cha ku Ghana, komwe limanena za nthenda ya mwana wochotsedwa pa bere mnzake akabadwa.

Mwana akakana mkaka

Si zachilendo kuti mwana amwe pang'ono m'masiku oyamba. Musam'kakamize kapena kuthiramo shuga. Mkakawo uthireni m'phala la mgaiwa lothira nsinjiro, m'phala la Likuni, m'mbatata kapena m'nthochi zopota. Ngati mkaka wosawasa ukumutsegula m'mimba, yesani chambiko. Pamene ndalama za mkaka zasowa, matemba osinja pamodzi ndi minga yake, soya, mazira ndi masamba obiriwira monga bonongwe ndi chisoso zimathandiza kukhwimitsa mafupa ndi kumanga thupi. Kafukufuku wa boma wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo kupinimbira kumayamba kwambiri mwana asanakwane zaka ziwiri.

Pitirizani kupita naye kusikelo mwezi ndi mwezi ku zipatala za Limbe, Bangwe, Ndirande, Zingwangwa kapena Chilomoni. Ngati sikelo yake yaima kapena ikutsika, watupa mapazi, m'manja mwayera, akukana kumwa chilichonse kapena akutsegula m'mimba, m'patseni Thanzi ORS pamene akutsegula ndipo thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ana onyentchera kwambiri amatumizidwa ku wodi ya Moyo pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth.