Haden, Charlie (1937–2014)

Woimba besi yaikulu yoimiritsa, ya nsambo zinayi, wa ku America. Anabadwa pa 6 Ogasiti 1937 ku Shenandoah, m'chigawo cha Iowa. Ali kamwana ka zaka ziwiri ankaimba kale pa wailesi pamodzi ndi makolo ake, koma poliyo itamuwononga pammero ali ndi zaka 15 anaika mtima wonse pa besi.

Ku Los Angeles analowa gulu la Ornette Coleman, ndipo mu 1959 anajambula nawo chimbale cha The Shape of Jazz to Come. Gululi linalibe piyano. Haden ankangotchera khutu kumene Coleman akulowera n'kumutsata ndi mawu ochepa koma olemera, ndipo luso lake lenileni linali pamenepo. Pa chimbale cha Free Jazz, chojambulidwa mu 1960, oimba besi anali awiri, iye ndi Scott LaFaro.

Mu 1969 anayambitsa Liberation Music Orchestra mothandizana ndi Carla Bley. Ndale sankazibisa. Mu 1971 ku Cascais, m'dziko la Portugal, analengeza pa nsanja kuti nyimbo yake ya Song for Ché akuiperekera omenyera ufulu a ku Mozambique, Angola ndi Guinea-Bissau. Apolisi achinsinsi anamugwira pa bwalo la ndege la Lisbon, kenaka n'kumumasula.

Anaimbanso zaka zambiri ndi Keith Jarrett, ndipo chimbale chake ndi Pat Metheny, Beyond the Missouri Sky cha 1997, chinapata mphoto ya Grammy. Anamwalira ku Los Angeles pa 11 Julaye 2014.