Likulu linasamuka, malire a tiyi anatsala ku Thyolo

Kuyambira mu 1891, pomwe Harry Johnston anakhazikitsa boma la atsamunda ku Zomba, mpaka mu 1975 pomwe Kamuzu Banda anasamutsira likulu ku Lilongwe, dziko lino linkalamulidwa kuchokera m'chigawo cha kumwera. Lero chigawochi chili ndi maboma 13 mwa 28, ndipo mapu ake akhala akusintha. Port Herald inasanduka Nsanje, Fort Johnston inakhala Mangochi. Balaka anamudula ku Machinga, Phalombe ku Mulanje, Neno ku Mwanza. Nalo Cholo, monga ankalembera azungu, linayamba kulembedwa Thyolo.

Koma ku Thyoloko kuli malire ena amene sagwedezeka wamba. Cha m'ma 1892, Johnston anayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificate of Claim kwa azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu. Mtengo wake nthawi zambiri unali nsalu, mikanda ndi mfuti. Malo aakulu anadzathera m'manja mwa British Central Africa Company. Khofi atakanika, alimi achizunguwo anayesa thonje ndi fodya, kenako tiyi, yemwe anayambira ku Mulanje, anadzagwira nthaka ya mvula yambiri ya ku Thyolo. Esiteti ya Satemwa anaikhazikitsa Maclean Kay mu 1923, ndipo mayina a maesiteti monga Conforzi, Makwasa ndi Naming'omba mpaka pano amamveka ngati mayina a midzi.

Manja othyola tiyi anali ambiri a Alomwe amene ankaoloka kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Ankapatsidwa pomanga ndi kamunda pa esiteti, malipiro ake n'kukhala thangata. Tsono pamene boma la ku Zomba linakhazikitsa malamulo ozindikira mafumu mu 1912 ndi mu 1933, mphamvu za mfumu zinkathera pa mpanda wa esiteti. Mkatimo mawu anali a mzungu ndi kapitawo wake. Mfumu yopanda malo ogawa, ndani angaiope?

Mkwiyowo unaphulika mu Ogasiti 1953, chaka chomwe Nyasaland anaikokera m'chitaganya cha Rhodesia. Zipolowe zinayambira ku Thyolo n'kufalikira m'maboma oyandikana, ndipo anthu 11 anaphedwa. Boma linali litayamba kale kugula malo ena osalimidwa kutsatira lipoti la Sidney Abrahams la mu 1946, ndipo thangata anathetsedwa mu 1962. Minda ya tiyi yokha sinakhudzidwe, chifukwa ndiyo inkabweretsa ndalama zakunja.

Masiku ano boma la Thyolo lili ndi khonsolo yake, Luchenza ili ndi ina, ndipo anthu amadziwika ndi mafumu awo: kwa Bvumbwe, kwa Nchilamwela, kwa Kapichi, kwa Chimaliro, kwa Changata, kwa Khwethemule. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 720,000 pa malo ongopitirira pang'ono masikweya kilomita 1,700, ndipo nthaka yabwino kwambiri ili pansi pa tiyi ndi makademiya. N'chifukwa chake Vincent Wandale atalengeza kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko loima palokha, ambiri m'tauni anaseka, koma m'midzi yopanikizana ndi maesiteti anapeza omutsatira. Boma la Thyolo latulutsa atsogoleri awiri a dziko lino, Bingu ndi Peter Mutharika, koma nkhani ya malo sinathe.