Mpikisano wa ATP Finals

ATP Finals ndi mpikisano wa tenesi ya amuna umene umatsekera chaka cha masewerawa. Umachitika mwezi wa Novembala, pamene kuno ku Phalombe alimi akuyang'ana kumwamba kudikira mvula yoyamba, koma ku Ulaya kuzizira kwayamba kale, n'chifukwa chake umaseweredwa m'nyumba. Amalowamo ndi osewera 8 okha amene achita bwino chaka chonsecho, komanso matimu 8 a osewera awiriawiri. Ku Malawi tenesi timaidziwa ngati masewero a panja, monga pa mabwalo a Blantyre Sports Club, kotero mpikisano wa pansi pa denga ndi chinthu chachilendo kwa ife.

Unayamba mu Disembala 1970 ku Tokyo, patangopita zaka ziwiri chiloledwere osewera olipidwa kulowa m'mipikisano ikuluikulu. Nthawi imeneyo unkatchedwa Masters. Osewera anali 6, aliyense anakumana ndi mnzake aliyense, ndipo fainolo kunalibe. Chikho anatenga ndi Stan Smith wa ku America. Zaka zotsatira mpikisanowu unkasamuka chaka ndi chaka: Paris, Barcelona, Boston, Melbourne, Stockholm, Houston. Ilie Năstase wa ku Romania anapambana kanayi pakati pa 1971 ndi 1975. Ku Melbourne mu 1974 anasewerera panja pa udzu, ndipo chikho chinapita kwa Guillermo Vilas wa ku Argentina.

Kukhazikika kunabwera pamene anaupititsa ku Madison Square Garden mumzinda wa New York, komwe unakhala mpaka 1989. Kwa zaka zingapo unkaseweredwa mu Januwale wa chaka chotsatira, moti chikho cha 1977 Jimmy Connors anachinyamula mu Januwale 1978. Björn Borg ndi John McEnroe anapambanapo, koma mwini bwalo weniweni anali Ivan Lendl, amene anafika m'fainolo maulendo 9 otsatizana n'kupambana 5.

Mu 1990 bungwe la osewera la ATP linatenga ulamuliro wa mipikisano ya amuna ndipo linasamutsira mpikisanowu ku Germany, poyamba ku Frankfurt, kenako ku Hanover kuyambira 1996. Fainolo ya 1996 anthu amaikambabe. Boris Becker ankasewera kwawo, gulu lonse la oonera lili mbali yake, ndipo anali atagonjetsa kale Pete Sampras m'ndime ya magulu masiku ochepa m'mbuyomo. Atakumananso analimbana maola anayi, maseti atatu mwa asanu anathera pa 7-6, ndipo Sampras anapambana seti yomaliza 6-4.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwa mpikisanowu ndi ina yambiri. M'mipikisano yambiri ya tenesi, ukagonja kamodzi basi, longeza katundu. Kuno osewera amagawidwa m'magulu awiri a anthu anayianayi, ndipo awiri apamwamba pagulu lililonse amapita ku semifainolo. Munthu atha kugonja Lachiwiri, Lamulungu n'kubweza chipongwe kwa yemwe uja. Novak Djokovic anachita zimenezi kwa Roger Federer mu 2015, n'kuzibwereza kwa Jannik Sinner mu 2023. Wopambana osagonjako amakolola mapointi 1,500, ochepera 2,000 a mipikisano inayi ikuluikulu ya Grand Slam koma oposa a ina iliyonse.

Denga nalo limasankha anthu ake. M'nyumba mulibe mphepo yokhotetsa mpira, mulibe dzuwa lothobwa m'maso, ndipo mpira sunjanja kwambiri. Zikatero amapindula ndi omenya mpira mwaliwiro komanso molunjika. Rafael Nadal, amene anatenga French Open ka 14 pa bwalo la dothi, kuno anafika m'fainolo kawiri, mu 2010 ndi 2013, koma chikhochi anapuma pa masewero asanachigwirepo. Federer anachitenga ka 6, ngakhale ziwiri zoyambazo, za 2003 ndi 2004, zinali za panja ku Houston. Djokovic ali ndi 7, zomwe palibe wina wafikapo.

Kuchokera mu 2000 mpikisanowu unadutsa ku Lisbon, Sydney, Houston ndi Shanghai, usanakhale zaka 12 mu O2 Arena ku London, kuyambira 2009 mpaka 2020. Kumeneko mu 2016 Andy Murray ndi Djokovic anakumana m'fainolo yomwe inali yolimbiranso udindo wa wosewera woyamba padziko, ndipo Murray anatenga zonse ziwiri.

Africa ili ndi gawo lake, makamaka kwa osewera awiriawiri. Kuyambira 1991 mpaka 1993 ndime yawo inkachitika payokha ku Johannesburg, ndipo mu 1992 anapambana ndi Todd Woodbridge ndi Mark Woodforde a ku Australia. Wayne Black ndi Kevin Ullyett a ku Zimbabwe anafika m'fainolo ya 2004 koma anagonja kwa mapasa a ku America, Bob ndi Mike Bryan. Raven Klaasen wa ku South Africa nayenso anagwa pafainolo mu 2016 ndi 2019, pamene Kevin Anderson wa m'dziko lomwelo anafika mu semifainolo ya osewera payekhapayekha mu 2018.

Kuyambira 2021 mpikisanowu ukuchitikira ku Turin m'dziko la Italy. Mu 2024 Sinner anakhala munthu woyamba wa m'dzikomo kutenga chikhochi, atagonjetsa Taylor Fritz m'fainolo, sabata yonseyo osataya seti ndi imodzi yomwe.