Amisiri a Difu a ku Kabwata

Pamene boma la atsamunda linasamutsa likulu la Northern Rhodesia kuchoka ku Livingstone kudza ku Lusaka m'chaka cha 1935, mzinda unayalidwa mwakuti mwini galimoto ndi wokonza galimoto asagone dera limodzi. Azungu anatenga malo otakasuka a kum'mawa, kumene pambuyo pake kunamera Woodlands ndi Kabulonga, pamene antchito anapatsidwa tinyumba tozungulira taudzu ta ku Kabwata, tina mwa ito tikali chiimire kufikira lero. Pakati pa antchitowo panali anyamata a sipanala, opatsira zitsulo ndi kutsuka ziwiya m'parafini m'magalaja a m'tauni; ndipo ngakhale tsankho la masiku amenewo linawatsekera khomo la maphunziro a umakanika, iwo anauba umisiriwo ndi maso, naufikitsa kwawo.

Mwa zonse zimene anaphunzira, chimene chinasiyanitsa mmisiri ndi wongogwira sipanala chinali difu, chitsulo chija chotukuka ngati dzungu pakati pa mawilo a kumbuyo, chimene chimalandira mphamvu ya injini kudzera pa propushafuti, ndi kuigawira mawilo awiri mwakuti pokhota, wilo lakunja lithamange koposa lamkati. Difu ikayamba kulira, mmisiri weniweni sankafulumira kumasula kanthu. Ankakwera m'galimotomo, namvetsera ngati kulirako kukudza poponda mafuta kapena powasiya, pakuti mwa ichi ankadziwa ngati chadyeka ndi bering'i kapena mano a kirauni ndi piniyoni.

Nthawi yawo inafika ndi mavuto a dziko. Ian Smith wa ku Rhodesia atalengeza ufulu wake wa chipanduko pa 11 November 1965, katundu wa Zambia anayamba kudzera msewu woipa wa ku Dar es Salaam, umene madalaivala anautcha Hell Run, ndipo msewuwo unadya magalimoto osawerengeka. M'chaka cha 1973 malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa. M'chaka cha 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndalama zakunja zinasowa, ndipo m'masitolo a zipangizo munatsala mashelefu okhaokha. Pamenepo galimoto yakufa inasanduka chuma: inkakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba ku Kabwata kapena ku Chelstone, ndi kupereka ziwalo zake chimodzichimodzi kuti zinzake zikhale ndi moyo. Mabwana a ku Kabulonga, amene tsopano anali ana a dziko lomweli, anatsika okha kudzagogoda kwa mmisiri wa pansi pa mtengo, chipewa chili m'manja.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti ntchito imeneyi inali yoopsa, ndipo anthu amene amaipeputsa sanagonepo chagada pansi pa galimoto. Mmisiri ankatchinga mawilo a kutsogolo ndi miyala, nakweza kumbuyo ndi jeke, nachirikiza ndi zipika zolimba, podziwa kuti wokhulupirira jeke yekha adzikumbira manda. Atakhetsa oilo, ankalemba chizindikiro ndi choko pa propushafuti kuti idzabwerere momwe inalili, nasolola mashafuti a mawilo, naitana anansi kudzathandiza kutsitsa chitsulocho, popeza mutu umodzi susenza denga. Difu yogula pa galimoto ina sankaimanga asanawerenge mano ake, makamaka pa Land Rover, imene kutsogolo ndi kumbuyo kuyenera kuyenda mwa muyeso umodzi. Koma pachimake pa luso panali pokumanitsa kirauni ndi piniyoni: ankapaka utoto wabuluu pa mano, nazunguza ndi dzanja, nayang'ana pamene utotowo wafufutika, nawonjeza kapena kuchotsa timawashala topyapyala, kubwereza kufikira dzuwa litapendeka, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Peugeot 404 inali ndi mwambo wakewake, chifukwa zambiri zinali ndi giya yamkuwa yofuna oilo wake wapadera, ndipo wothira oilo wamba ankailiritsa posakhalitsa.

Zinthu zinatembenuka boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991 ndi kutsegula malonda. Kampani ya mabasi ya UBZ inatha mu 1995, misewu inadzaza ndi maminibasi a Toyota Hiace, ndipo zipangizo zogwirapo kale ntchito za ku Japan zinasefukira m'masitolo a mu Freedom Way ndi Chachacha. Kuyambira pamenepo kunakhala kwapafupi kugula difu yathunthu koposa kukonza yakale. Ndiponso magalimoto ang'onoang'ono ambiri, monga Corolla, amakoka ndi mawilo a kutsogolo, alibe difu kumbuyo. Maminibasi ndi mavani akali kusinthidwa difu m'mabwalo a nyumba Loweruka ndi Lamlungu, koma zimandiwawa mtima kuti anyamata odziwa kuwerenga utoto wabuluu pa mano achepa, ndipo akuluakulu amene akanawaphunzitsa akutha osafunsidwa.