Kambale ka mkuwa kamene kanasunga mphamvu ya Triumph

Tikamva mthuthuthu wakale wa ku Britain ulila pa mseu, timatamanda injini. Koma mphamvu yonse ija imadalila kanthu kopyapyala kamene sikaoneka, gasiketi ya pa hedi. Imakhala pakati pa hedi na silinda, ndipo nchito yake ni kutsekela moto na mpweya wopanikizika kuti zisathawe. Ikapsa, injini imafooka, oilo imayamba kudontha, ndipo mwini wake amabwelela kunyumba akukankha njinga. Mbili ya kanthu aka ili na phunzilo kwa aliyense wa ife amene afuna kuukitsa injini yakale.

M'zaka za m'ma 1950, mafakitale a Triumph ku Meriden, komanso a BSA na Norton ku Birmingham, anali kutumiza njinga zamoto ku maiko ambili. Magasiketi a nthawi ija anali a mitundu iŵili: a mkuwa wokhawokha, na ena a timapepala tuŵili twa mkuwa tokhala na asibesitosi pakati. Mkuwa anaukonda cifukwa ni wofewa, umaloŵa m'timabowo twa citsulo, ndipo umapititsa kutentha msanga. Ni zaka zomwezo pamene Britain anali kugula mkuwa wambili wocokela ku migodi yathu ya Nkana, Mufulira, Nchanga na Roan Antelope.

Vuto linakula pamene mahedi a aluminiyamu anabwela. Triumph anaika hedi yotele pa Tiger 110 mu 1956, ndipo Bonneville ya 650cc inatuluka nayo mu 1959, koma silinda inakhalabe ya citsulo. Aluminiyamu ikatentha imafufuma pafupifupi kaŵili kuposa citsulo. Conco nthawi iliyonse injini ikatentha na kuzizila, hedi imakhuza gasiketi pang'onopang'ono, mabauti n'kumamasuka. Yankho la Triumph linali kuwonjezela mabauti. Poyamba anali 8, mu 1963 anakhala 9, ndipo pa Bonneville ya 750cc ya mu 1973 anafika 10. Apa tiona kuti gasiketi payokha sitseka. Cimene cimatseka ni mphamvu yoifinya mofanana mbali zonse.

Kenako zinthu zinasintha. Honda CB750 inafika mu 1969, BSA inagwa kuciyambi kwa ma 1970, ndipo fakitale ya ku Meriden inatsekedwa mu 1983. Asibesitosi nayo inadziŵika kuti imawononga mapapo na kuyambitsa khansa, moti Britain anailetselatu mu 1999. M'malo mwake munabwela magasiketi osakaniza okhala na mphete ya citsulo kuzungulila silinda, na ena a timapepala tambili twa citsulo amene injini zatsopano zimagwilitsila nchito.

Apa ni pamene acinyamata ambili amapunthwa, poganiza kuti catsopano ndiye cabwino. Gasiketi ya timapepala twa citsulo imafuna hedi na silinda zosalala kwambili, zimene injini ya zaka 60 kaŵilikaŵili ilibe. Yosakaniza imakhululukila timikwingwilima, koma ukaimasula kamodzi yatha. Ya mkuwa ungaibwezele kangapo, ndipo ici n'cacikulu kwa ife amene zipangizo za njinga izi timaziitanitsa kunja na ndalama zakunja. Kucindikala kwake nako kuli na nchito. Yonenepa imacepetsa kupanikizika kwa mpweya, yopyapyala imakuwonjezela, ndipo pa Triumph imasintha mmene timalabala twa mapaipi a pushrod timafinyikila.

Amakanika akale anali na mwambo wawo. Coyamba anali kuyesa hedi na lula yacitsulo kuti aone ngati siinapindike. Kenako anali kuocha gasiketi ya mkuwa, ngakhale yatsopano, mpaka ifiile psuu, n'kuiviika m'madzi. Citsulo cimauma ukacita tele, koma mkuwa umakhalabe wofewa, ndipo madzi amacotsako litsilo. Mabauti anali kuamanga kuyambila pakati kupita kunja, modumphanitsa, pang'onopang'ono, mpaka pa mlingo wa m'buku. Injini ikayenda n'kuzizila bwino, anali kumanganso na kuchunanso mavavu. Lelo tingawonjezele ziŵili: gwilitsilani nchito torque wrench, ndipo mukapeza gasiketi yakale yomatilila, inyowetseni musanaipale, kuopela kupuma fumbi la asibesitosi.

Injini izi zinapangidwa m'nthawi imene mwini njinga anali kuyembekezeka kugwila sipanala mobwelezabweleza. Gasiketi tingagule ya mtengo uliwonse, koma tikasiya kumanganso mabauti injini itazizila, idzapsa cabe monga yochipa.